Tsiku Limene Lole Inkangozima pa Msewu wa ku Kota Kota

Kalata inandipeza ndili chagada pansi pa lole, pa siteshoni ya sitima ku Salima, ndikumanga sipuling'i ndi waya. Anabwera nayo ndi dalaivala mnzanga wochokera ku Kota Kota. Sanandiseke monga ankachitira masiku onse. Anangoiika pachifuwa panga n'kuchoka, ndipo ndinadziwiratu kuti mulibe zabwino.

Analemba ndi mlongo wanga Esitere, mawu ochepa chabe. "Achimwene, alamu sakupeza bwino chipitire padera paja. Mphamvu zikutha. Sakutchula munthu wina koma bambo awo. Bwerani nawo, musachedwe."

Alamuwo ndiye mkazi wanga, Asiyatu. Bambo awowo ndi Che Saidi, msodzi wa ku Senga Bay, munthu amene anali asanandilankhulepo mawu abwino kwa zaka zinayi. Mlandu wanga unali wodziwika. Ine Mkhristu, woyendetsa lole ya mwenye, ndinakwatira mwana wawo wa Chisilamu, n'kukana kukhala chikamwini, n'kupita naye kwathu kumtunda kwa Kota Kota kukamusiya ndi amayi anga. Tsiku limene tinkachoka, Che Saidi ananena pamaso pa anthu kuti alibe mwana wamkazi. Asiyatu analira njira yonse. Ine masiku amenewo ndinali wamwano, ndinangoti aziona okha nkhalambazo.

Kalatayo inafika njala yaikulu ija itangotha, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Mwenye wanga sanavute. Lole inkayenera kukatenga mpunga komweko sabata imeneyo, ndiye anangoti nyamuka mawa. Loleyo inali chiphapha chotsala ku nkhondo, ndipo ine ndinkaidziwa kuposa mmene ndinkadziwira mkazi wanga, ndinene zoona. Udalaivala ndinaphunzira ku usilikali. Ndinakonzapo malole m'zipululu za eni, kopanda madzi, kopanda mthunzi, ndipo ndinkayenda modzimva kuti palibe injini ingandigonjetse. Mnzanga amene ankandipukusira handulo yolizira injini anali atathawira ku Joni mwezi womwewo, kotero ulendowu unali wanga ndekha.

Ndinafika ku Senga Bay kutangocha. Che Saidi ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde. Ndinavula chipewa n'kunjuta chapatali.

"Odi, bambo."

"Adalaivala." Sanadzutse mutu. Dzina langa ankalidziwa, koma ankanditchula choncho basi.

Ndinawawerengera kalata ija. Anamaliza kaye mfundo imene ankamanga, n'kudula ulusi ndi mano. Kenako analowa m'nyumba. Potuluka anali atavala mkanjo woyera, atanyamula kamkeka koswalira, kathumba kawo ka zosokera ukonde, ndi kamtolo ka usipa wouma wokulunga m'masamba. Usipawo sindinafunse kuti ngwa yani. Ndinawatsegulira chitseko chakutsogolo. Iwo anangozungulira n'kukwera kumbuyo, n'kukhala pa matumba opanda kanthu. Ndinamenyetsa chitseko chija mpaka galasi linanjenjemera.

Ku Salima ndinaima pa sitolo ya mwenye kuthira petulo. Ndinapopa ndekha mpaka thanki inadzaza pakamwa penipeni, chifukwa m'njira monse munalibe pogula. Thanki ya lole imeneyo inali pambali, kumbuyo kwa chitseko cha kumanzere. Ndinatseka n'kulowa m'sitolo kukatenga makalata a mpunga. Mwenye anandichedwetsa ndi malangizo ake osatha aja, ndipo potuluka ndinapeza Che Saidi atatsika, ataima pafupi ndi lole, akupukuta chala pa mwala. Atandiona anakweranso. Sindinaganize kanthu.

Ndinawerengera kuti ngati tiyenda bwino, dzuwa likamapendeka tikhala tafika. Asiyatu ankaidziwa lole yanga ndi kulira kwake. Ankati ikangoyamba kukwera chitunda cha kumunsi kwa mudzi wathu, iye amaika kale madzi osamba pamoto. Ndinaponda mafuta ndikuganiza zimenezo.

Tisanafike n'komwe pamphambano yopita ku Chinguluwe, pakati pa minda ya thonje, lole inayamba kutsokomola. Inagwedeza kawiri, katatu, n'kuzima. Ndinaliza. Inalira bwinobwino, gudugudugudu, nthawi yoti munthu n'kupuma katatu, kenako zii. Ndinalizanso. Chimodzimodzi. Ha! Injini yokana kuliriratu siivuta, umadziwa poyambira. Koma iyi yomalira n'kuzima, kumalira n'kuzima, imakhala ngati ikukuseka.

Ndinatsegula boneti. Ku usilikali anatiphunzitsa kuti injini imafuna zinthu zitatu: moto, mafuta ndi mpweya. Ndinayamba ndi moto. Ndinazula waya wa pulagi n'kuugwira pafupi ndi chitsulo, moto unathetheka wobiriwira bwino. Mapulagi ndinawamasula onse asanu ndi limodzi, kuwapala ndi kampeni, kuwabwezera. Ndinachotsa chosefera mpweya, ndinapeza fumbi koma osati loti n'kupha injini. Kenako ndinayang'ana kagalasi ka pa pampu ya petulo. Kanali ndi mafuta theka lokha, pomwe kamayenera kudzaza.

"Ndakugwira," ndinatero mokweza. Ndinali ndi chizolowezi cholankhula ndi lole, popeza m'misewu imeneyo munalibe wina wolankhula naye.

Ndinamasula kabuleta, kutsuka timabowo take tonse, kupemerera ndi pakamwa mpaka milomo inachita dzanzi. Ndinabwezera. Gudugudugudu, zii. Thukuta linali kamukamu. Nyenje zinkalira m'mitengo ngati zalipidwa. Kumbuyo kuja Che Saidi anangokhala, atafunda kansalu kumutu, maso ali kumpoto.

Pomaliza ndinamasula paipi yochokera ku thanki n'kuuzira mpweya mwamphamvu. Ndinamva kubwatabwata m'thanki. Nditamanga n'kuliza, injini inalira osazima. Ndinati basi, chinali chinyalala m'paipi, ndachikankha. Dzuwa linali litakwera kale pakati pa m'mawa ndi masana.

Pa Khombedza panali timasitolo tiwiri ndi amayi ogulitsa zinthu pansi pa mtengo. Ndinaima kuthira madzi mu radiyeta. Mayi wina wa dengu la mango anapempha kuti ndimutengeko kukafika kwawo chapatsogolo. Anakwera kutsogolo, ndipo ndinakondwa, ndinati mwina ndimvako mawu a munthu.

"Agogo ali kumbuyowo ndi abale anu?" anafunsa.

"Apongozi anga."

"Inu! Apongozi kumbuyo pa dzuwa ngati mbuzi, mlendo ine kutsogolo? Mwalakwirana chiyani?"

Sipanapite nthawi, tisanafike pa mtsinje wa Chirua, lole inayankha yokha. Kutsokomola kuja, kugwedeza kuja, zii.

Apa ndiye ndinagwira njakata. Batire linali litafooka ndi kulizaliza kuja, moti tsopano panafunika handulo. Koma munthu mmodzi sangapukuse kutsogolo n'kumaponda mafuta m'kati nthawi yomweyo. Ndinkapukusa, ikalira n'kuthamangira kuchiwongolero, pofika yazima kale. Ndinathamanga choncho kanayi. Mayi wa mango uja anaseka mpaka misozi. Atadikira kanthawi anatsika, n'kusenza dengu lake.

"Adalaivala, ine ndatsogola. Mundipeza." Anasiya mango awiri pampando. Sitinamupezenso mayi ameneyo.

Msewu unatsala zii. Tsiku lonse limenelo sipanadutse galimoto ina ngakhale imodzi. Kunali tchire mbali zonse, kashembe akuluma kupyola malaya, ndi fungo la petulo m'manja. Ndinaimenya lole ija ndi sipanala, ndikuitukwana mawu amene sindingabwereze pano. Ndinakhala pa bampala n'kugwira mutu. Sindinasungulumwepo choncho chibadwire, ngakhale ku nkhondo. Kumeneko tinali ambiri ndipo tinkaopa limodzi. Apa tinali awiri, munthu amene tinkamuthamangira anali mmodzi, koma aliyense ankamulira payekha.

Ndinamva mapazi. Che Saidi anali ataima pafupi ndi handulo, atakwinya manja a mkanjo.

"Chitsulochi mumachita nacho bwanji?"

Ndinawaonetsa. Ndinawachenjeza kuti chala chachikulu asachikulunge kuchitsulo, chifukwa injini ikabweza imathyola. Munthu wopalasa bwato moyo wake wonse, mikono inali ya mphamvu zedi. Ankapukusa ngati akusewera. Gudugudugudu, ine n'kuponda mafuta mwaulemu ngati ndikunyengerera mwana, zii. Kachisanu handulo inabweza n'kuwang'amba chala. Ndinalumpha kuti ndione. Anabisa dzanja, n'kung'amba kansalu m'munsi mwa mkanjo wawo woyera uja, kumanga, n'kugwiranso chitsulo.

"Bwererani m'kati, adalaivala. Mwana akudikira."

Kanali koyamba m'zaka zinayi kumva akumutchula mwana.

Ndinaganiza kuti vuto ndi pampu, kuti kachikopa kake ka m'kati kang'ambika ndiye sikakukoka mafuta. Ndinaimasula yonse, ndinayala tizitsulo take pa chipewa changa. Kachikopa kanali kokalamba koma kosang'ambika. Ndinakakamira ndithu, ndinadula china kuchokera ku chubu chakale n'kuphatikiza. Ntchito imeneyo inandidyera dzuwa lonse la masana. Kasikuluwu kena kanagwera mumchenga, tinakafuna awiri tikukwawa ngati ana. Anakapeza ndi iwo, maso a munthu wosoka ukonde. Nditamanganso mapaipi, lole inalira n'kupitiriza. Ndinadzitama mumtima kuti ndapeza.

Tinadya mango aja tikuyenda, ine langa kutsogolo, iwo lawo kumbuyo. Tinaoloka Chirua, tinadutsa Benga osaima. Ulendo uwu lole inayenda mtunda wautali kuposa poyamba, moti mtima unayamba kukhala pansi. Ndinayamba kukonza mawu okamuuza Asiyatu. Ndinkafuna kukalowa ndekha kaye n'kunena kuti taona amene ndabwera nawo.

Inazimanso dzuwa litapendeka, pamalo a mitengo ya mitsatsi ndi minga, kutatsala pang'ono kuti tifike ku Chia. Kulira, kuzima. Kulira, kuzima.

Che Saidi anayang'ana dzuwa. Anatenga kamkeka kawo n'kupita pambali pa msewu kukaswali. Madzi analibe, anasisita manja pa dothi. Ine ndinaima pa boneti ndilibenso chomasula, zonse ndinali nditamasula kale. Mpamene maganizo anandifikira akuti kaya thanki yabooka, mafuta akutayika m'njira. Tsiku lonse sindinaitsegule. Ndiitseguliranji, poti ndinadzaza ndekha ndi manja anga? Ndinathyola kamtengo koyezera n'kupita kuthanki.

Chitsekero chinalimba modabwitsa. Nditapotokola ndi manja awiri, ndinamva fyuuu, mpweya ukulowa, ndipo chitsulo cha thanki chinalira phuu, kubwerera m'malo mwake.

Pachitsekero cha thanki pamakhala kabowo kakang'ono ngati ka singano. Thanki imapumira pamenepo. Mafuta akamatuluka, mpweya umalowa. Kakatsekeka, pampu imakoka mpaka kulephera, ngati munthu woyamwa botolo osasiya mpata. Injini imalira ndi timafuta tochepa tili mu kabuleta, tikatha n'kuzima. Ulendo uliwonse ndikamasula paipi, mpweya unkalowa m'thanki, lole n'kuyenda, ine n'kumadzitama ndi zimene sindinakonze. Ndinatembenuza chitsekero chija. Pa kabowo panali phula lakuda, lomatidwa bwino, mizere ya chala ikuoneka.

"Ndinatseka ine ku Salima."

Anali atamaliza kuswali, ataima kumbuyo kwanga ndi kamkeka kukhwapa. Ankalankhula mofatsa, ngati munthu amene wakhala akudikira mpata woti anene chabwino chimene wachita.

"Muli m'sitolo muja mafuta anu ankatuluka pamenepo, akuyenderera pansi. Ndinati mwana wa eni atha mafuta m'njira, mwenye amuvuta. Ine ndikaona bowo sindigona nalo. Phula limenelo n'labwino, bwato langa silinalowepo madzi."

Abale, mkwiyo umene unandikwera sindingaufotokoze. Ndinkafuna kukuwa kuti mwatipha, kuti iyi si ngalawa, kuti tsiku lonse lapita chifukwa cha chala chanu. Ndinali ndi pakamwa poipa masiku amenewo, ndipo zaka zinayi za kunyozedwa zinali pomwepo zikundikankha. Koma maso anga anagwera pa dzanja lawo, pa kansalu kaja kofiira magazi, ndi pa kamtolo ka usipa kamene anakabisa pamthunzi pansi pa matumba kuti kasatenthedwe.

"Mwachita bwino, bambo," ndinatero. "Zikomo."

Ndinawatembenukira msana, ndinathyola munga, n'kuboola phula lija. Ndiyeno ndinachita chinthu chimene chimandiwawa mpaka lero. Ndinapitanso ku boneti n'kumagogodagogoda kabuleta mwachabe, kumasula ichi, kumanga icho, kuti asaone kuti vuto linali pachitsekero. Nthawi imeneyo ndinaitaya dala, mkazi wanga ali gone.

Anapukusa kamodzi. Injini inalira ngati yatsopano.

Ndinathamanga mmene ndinali ndisanathamangirepo, koma pa Chia tinapeza anthu oolotsa magalimoto pa pantoni ataweruka, pantoniyo ili tsidya lina. Ndinaliza hutala mpaka batire linatheratu. Palibe anabwera. Tinagona pomwepo, ndipo anatiolotsa m'mawa.

Pokwera chitunda cha kumunsi kwa mudzi wathu ndinaona amuna ali ndi makasu kumanda. Sindinafunikenso kuuzidwa. Esitere anatichingamira pamsewu, chitenje chili m'chiuno, maso otupa.

"Atisiya dzulo, achimwene, dzuwa litapendeka. Kuyambira m'mawa ankangoti tamverani, si lole imeneyo? Ife n'kumati ayi alamu, ndi mphepo. Anatiuza kuti tiike madzi pamoto a anthu awiri."

Che Saidi anafunsa kuti dzuwa linali pati. Esitere analoza ndi dzanja. Che Saidi anagwedeza mutu. Inali nthawi imene ankaswali pambali pa msewu. Anapereka kamtolo ka usipa kwa Esitere, n'kupempha kuti akamuone mwana wawo.

Za maliro sindinena zambiri. Abusa anapemphera, ndipo atamaliza amayi anga anapempha kuti bambo a malemu nawonso apatsidwe mpata. Che Saidi anaima pamutu pa manda n'kuchita duwa yawo, pemphero la Chisilamu, manja ali m'mwamba. Titabwerera kunyumba anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

"Ndinaona mmene munavutikira," anatero. "Lole ija yakalamba. Si mlandu wanu. Zinalembedwa."

Ankandikhululukira ine. Ndinangoyang'ana pansi n'kuvomera.

Patapita masiku atatu ndinapakira mpunga wa mwenye ku Kota Kota n'kuthira petulo wa m'madebe, thanki n'kudzazanso. Che Saidi anali ataima pambali. Dzuwa litawomba, timafuta tinayamba kutuluka pa kabowo kaja. Ndinawaona akupisa dzanja m'kathumba.

"Latsegukanso bowo lanu lija, adalaivala."

Phula linali kale pachala. Mkamwini sagwira dzanja la apongozi, koma ndinaligwira.

"Lisiyeni, bambo. Imapumira pamenepo."

Mawuwo anangotuluka. Anayang'ana kabowo, anaona pamene munga unakanda phula lakale. Anandiyang'ana ine. Anayang'ananso kabowo. Kenako anabweza phula m'kathumba. Kumbuyo kunali kodzaza mpunga, ndiye anakwera kutsogolo n'kukhala pafupi nane.

Tinaoloka Chia. Tinadutsa pa minga paja. Tinadutsa Benga. Lole inkangoyenda, yolemedwa ndi mpunga koma osatsokomola ngakhale kamodzi, ndipo mtunda uliwonse umene inkadula unkawauza zimene ine ndinabisa. Sindinalakelakepo kuti galimoto ife ngati tsiku limenelo. Ndinkaipempha mumtima kuti zima, chiphapha iwe, zima kamodzi kokha nkhalambayi ipepukidwe. Inakana.

Titaoloka Chirua, pafupi ndi pamene tinakwawa kufuna kasikuluwu, ndinatsitsa dzanja mwakachetechete n'kuzimitsa kiyi. Lole inagwedeza n'kuima.

"Aaa, yayambanso," ndinatero. "Mwaona, bambo? Ndi matenda ake iyi."

Ndinatenga sipanala n'kutsegula chitseko. Dzanja la chala chomanga lija linandigwira paphewa.

"Musadzivute, mwananga. Ndaona mwazimitsa nokha. Lizani tizipita."

Ndinakhala kaye, chifukwa msewu sindinkauona bwino ndi misozi. Kenako ndinaliza, ndipo inalira kamodzi. Tinadutsa Khombedza, tinadutsa Salima, mpaka tinakafika ku Senga Bay.